Bulugama wa kuseri kwa sukulu akutha, tidzalemo chiyani?

Mlembi wa komiti ya nkhalango:
Mwaswera bwanji nonse, a kumudzi kuno ndi a kutali omwe. Pepani uthengawu utalika. Loweruka lapitali ife a komiti tinayendera nkhalango yathu ya bulugama, kuyambira pa chulu chachikulu kuseri kwa sukulu mpaka kumtsinje. Tabwerako mitima ili pansi. Mitengo yambiri yauma kuyambira kunsonga. Yomwe ikadali ndi moyo masamba ake adzaza ndi timamba toyera, tokhala ngati tizipewa ting'onoting'ono. Ndinakanda kamodzi ndi chikhadabo, pansi pake ndinapeza kachilombo kachikasu kochepa kuposa nsabwe. Tsamba lake ukaligwira likunata ngati lathiridwa manyuchi, ena ada bii ngati mwaye wa kukhitchini. Pansi masamba ali mbwee, kumwamba kuli mbee, dzuwa likulowa paliponse. Pa zitsa zimene tinadula chaka chatha, mphukira zatuluka zotupatupa m'mitsempha ya masamba, zina zapindika ngati zapsa. Ndiye chiswe nacho chapezerapo mwayi.

Nkhalangoyi anadzala ndi makolo athu zaka zoposa 25 zapitazo. Denga la sukulu ya mkaka, milatho iwiri ija, nkhuni za pamaliro, zonse zachokera m'menemu. Komiti yagwirizana kuti chaka chino tikhazikitse nazale, koma tasemphana pa mtengo woti tifese. Nthawi ndi ino, Ogasiti akutha. Tithandizeni maganizo.

Mlimi wa fodya:
Zikomo mayi mlembi. Ine sindizungulira. Tibwezeretse bulugama yemweyo. Palibe mtengo wina umene ungatipatse mapolo owongoka pa zaka 5. Zigafa zathu timangira chiyani? Tigule mankhwala tipopere, tizilomboto tife, nkhani ithe.

Wa gulu la amayi:
Mupopera bwanji mtengo wotalika kuposa tchalitchi, alamu? Ndipo madzi amene timatunga ali kumunsi kwa nkhalango yomweyo.

Wophunzira ku Bunda:
Moni makolo anga. Zithunzi zimene mayi mlembi anatumiza dzulo ndaziona, ndipo ndikuona adani awiri osiyana, mwina atatu.

Ka timamba toyera kaja dzina lake la sayansi ndi Glycaspis brimblecombei. Kwawo ndi ku Australia, komwenso kunachokera bulugama. Kamayamwa madzi a m'tsamba, ndipo kachipewa koyerako kamadzimangira kokha ndi zotsekemera zimene kamatulutsa. Kunata kuja ndi komweko, ndipo kuda kuja ndi nkhungu imene imamera pa zotsekemerazo. Kamachuluka nyengo ino yopanda mvula, mvula ikabwera yamphamvu kamachepa. Mtengo suufa chaka chimodzi ayi. Umayoyoka masamba, nkuphukanso, nkuyoyokanso, mpaka mphamvu zimatha.

Zotupa za pa mphukira ndi ntchito ya kamavu kakang'ono kotchedwa Leptocybe invasa. Kamaikira mazira mu mtsempha wa tsamba lanthete ndi m'timphukira, ndiye pamalopo pamatupa, mwana wake nkumakulira m'katimo. Kamakonda mbande ndi mphukira za pa chitsa. Mankhwala opopera safika m'kati mwa chotupacho.

Vuto lathu ndi lakuti bulugama amene anafala kuno ku Dowa, Kasungu, Mchinji ndi Lilongwe, wa mitundu ya camaldulensis ndi tereticornis, ndi yemwe ka timamba kaja kamamukonda kwambiri. Anamusankha chifukwa amapirira chilala, koma pa mdani uyu alibe chitetezo.

Mlimi wa fodya:
Ndiye mwana wanga ukutanthauza kuti bulugama watha ntchito dziko lonse?

Wophunzira ku Bunda:
Ayi bambo. Bulugama alipo wa mitundu yambiri, ndipo si yonse imene imagwidwa mofanana. Komanso kuli timavu tina timene timadya tizilombo timeneti, ku South Africa anatitulutsa dala m'minda ya mitengo. Koma kutenga mbewu pa mitengo yodwala yomweyi nkudzalanso munda wonse, kumeneko ndiye ndikuopa.

Malume, opuma ntchito ya zankhalango:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mdzukulu wanga wa ku Bunda walongosola bwino, ine ndingowonjezera zimene maso anga anaona.

Mu 1986 ndinali ndikugwira ntchito kudera la Dedza. Chaka chimenecho m'Malawi muno munapezeka nsabwe za mitengo ya sayipulesi, ndipo kanali koyamba kuti zioneke mu Africa. Mipanda ya sayipulesi imene inkakongoletsa nyumba za boma ndi mamishoni inayamba kufiira kuchokera m'kati, ngati wina wayatsa moto usiku. Zinafalikira mpaka ku Tanzania ndi ku Kenya. Ngakhale mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, zinaugwira. Zinadzachepa mphamvu m'zaka za m'ma 1990 akatswiri atabweretsa kamavu kochokera ku Ulaya kamene kamaikira mazira m'thupi mwa nsabwezo. Tisanapume, kunabweranso kachilombo ka lukina. Alangizi anali atauza mudzi uliwonse kuti dzalani lukina m'mizere, chakudya cha ziweto, chonde m'munda. Kachilomboko katafika, nsonga zonse za lukina zinapserera.

Ndiye ine ndaona sayipulesi, ndaona lukina, lero ndikuona bulugama. Nthawi zonse nkhani yake imayenda mofanana. Mtengo wobwera umafika wokha, adani ake atatsala kwawo. Umakula mokondweretsa zaka makumi angapo, tonse nkuukhamukira, nkudzala wokhawokha. Tsiku lina mdani wake amaulondola, nkupeza chakudya chayalidwa kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje.

Funso limene mwafunsa mayi mlembi, lakuti "tifese mtengo uti", ndikupempha lisinthe. Mukasankha umodzi, kaya ndi kesha kaya ndi m'bawa, mwakonzera ana anu msonkhano ngati uno.

Chinanso, musanaweruze tizilombo pa mtengo uliwonse wouma, werengani kuti zitsazo mwazidula kangati. Chitsa cha bulugama chikadulidwa katatu kapena kanayi chimatopa, mphukira zake zimachepa ndipo zina zimafa zokha. Mbali ya kumtunda ija munayamba kudula ine ndisanapume ntchito.

Mlembi wa komiti ya nkhalango:
Zoona malume, kumtundako tadulako kanayi. Kumunsi kawiri. Ndipo kumtunda ndi komwe kwauma kwambiri. Sitinaganizeko zimenezo.

Wa ku Joni:
Moni kumudzi. Ine kuno ndimagwira ntchito ya m'magadeni, ndiye nkhaniyi yandikhudza. Ku Johannesburg kuno kuli kachikumbu kakang'ono ngati njere ya chitowe, kochokera ku Asia. M'dziko la South Africa muno anakazindikira koyamba mu 2017 ku mzinda wa Pietermaritzburg. Kamaboola thunthu timabowo tonga pobaya ndi nsonga ya bolopeni, nkulowetsamo nkhungu imene imatseka njira za madzi mu mtengo. Mitengo ikuluikulu ya m'misewu, imene yakhala zaka zambiri, ndaiona ikudulidwa ndi makina. Pa nyumba ina imene ndimagwirako tinadula itatu. Chimene amatiletsa kwambiri ndi kunyamula nkhuni za mtengo wodwala kupita nazo dera lina, chifukwa kachiromboko kamakwera galimoto limodzi ndi nkhunizo.

Ndiye pempho langa: wina aliyense wa ife amene ali kunja asabwere ndi mbande kapena timitengo m'chikwama poti akufuna kuthandiza kumudzi. Tumizani ndalama ya machubu ofeseramo mbewu mu nazale, mbewu ipezeke konko.

Wa ku Mangalande:
Ndikuvomereza achimwene. Kuno nako mtengo wina wotchuka wotchedwa ash ukutha ndi nthenda ya nkhungu imene anaitsimikiza mu 2012, ndipo poyamba anaipeza pa mbande zogula kunja. M'nkhalango imene ndimadutsa popita kuntchito ambiri auma mitu ngati mmene mwafotokozeramo. Koma chimene ndinaphunzirapo, eni nkhalango sadula yonse. Mtengo umene waima wobiriwira pakati pa anzake odwala amausiya dala, akuti mwina uli ndi mphamvu yachibadwa yopirira, ndipo ana ake angatengere. Mayi mlembi, mwa bulugama wathuyo mulibe ina imene ikuoneka yathanzi?

Mlembi wa komiti ya nkhalango:
Ilipo achemwali. Cha pakati pali ingapo ya khungwa losalala, masamba ake ukawafikisa amanunkhira ngati mandimu. Imeneyo ili bwinobwino, timamba sitikuonekapo.

Malume, opuma ntchito ya zankhalango:
Ameneyo ndi citriodora. Musamudule. Mumangeni nsanza yofiira kuti anyamata odula asalakwitse. Mapolo ake ndi olimba kuposa enawo, kungoti nazale yake imafuna dzanja lodekha. Alamu anga a fodya, bulugama wanu ndi ameneyo, koma akhale mbali imodzi chabe ya munda.

Mlimi wa fodya:
Ndamva malume, koma tiyeni tinene zoona. Inu mukulandira penshoni, a ku Joni ndi a ku Mangalande akulandira kumapeto kwa mwezi. Ine chigafa chikagwa mu Febuluwale fodya ali m'kati, chaka chonse chapita. Mitengo yachilengedwe mukuifunayo ndidzaidula ndili m'manda. Mlombwa ndinadzalapo ine pakhomo, zaka zinayi unkangomera nkuuma, kumera nkuuma. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Malume, opuma ntchito ya zankhalango:
Simunalakwe alamu, ndipo nkhawa yanu ndi yoona. Mlombwa uja sunali kufa. Khalidwe lake ndi lotero: zaka zoyamba kumtunda kumauma chilimwe chilichonse pamene muzu ukukula pansi, kenako chaka china umangonyamuka. Koma sindingakuuzeni kuti mudikire mlombwa kuti mumange chigafa.

Za milimo, dzina lenilenilo likunena: kesha wa milimo. Chiswe sichimuvutitsa ngati mmene chimachitira ndi mbande za bulugama, mbuzi sizimukonda, ndipo ukamudula amaphukira. Pa zaka 4 kapena 5 mwayamba kudula. Sawongoka ngati bulugama, koma mukamudzala mothithikana, mamita awiri uku ndi uku, amakakamizika kukwera. Pa hekitala imodzi imalowa 2,500 mukatero. Machenjezo ake ndi awiri: mizu yake imalanda chakudya, choncho asayandikire minda ya chimanga, ndipo masamba ndi nyemba zake zisapite m'khola la nkhumba, zimazidwalitsa.

Ndiponso taganizirani chigafa chamoyo. M'malo modula nsanamira chaka ndi chaka, mumadzala mitengo m'mizere pamalo pomwe pakhale chigafa, ikakula mumangodulira mitu nkumangirira mitanda pa mitengo yamoyoyo. Chiswe sichigwetsa nsanamira yamoyo. Kesha, mthethe ndi mtangatanga zimagwira ntchito imeneyi. Za mitanda ndi mikangala, nsungwi.

Wa gulu la amayi:
Abambo mwalankhula za zigafa, tsopano timvereni ife. Nkhuni zimene zinkatithandiza ndi nthambi za bulugama yemweyu. Chiyambire kuuma, komiti inatseka nkhalango, ndipo ife tikuphikira zitsononkho ndi mapesi. Ana anga aakazi Loweruka amadzuka nkhuku zisanatsike kukafuna nkhuni kutsidya, kubwera dzuwa lili pamutu. Ndiye posankha mitengo muikemo imene tingathe kusadza nthambi chaka chachiwiri kapena chachitatu. Gilisidiya ndamuona kwa mchemwali wanga ku Ntchisi. Amadula chaka chilichonse, timitengo take tokwana bwino mu chitetezo mbaula, masamba amakwirira m'munda. Ameneyo tikumufuna, koma osati kunkhalango kokha. Banja lililonse lipatsidwe mbande zokadzala kumunda kwake, kuti tisamadalire malo amodzi.

Ndipo ndifunse poyera: nazaleyo adzathirira ndani? Chaka china tinayamba anthu 30, pofika Okutobala tinatsala amayi asanu ndi ndowa zathu. Ngati abambo mukufuna kesha wa milimo, mayina anu alembedwe pa ndandanda wa kuthirira.

Mlimi wa fodya:
Lembani dzina langa loyamba, mlamu. Ngolo yanga idzatunga madzi Lachiwiri ndi Lachisanu.

Wa gulu la amayi:
Ndalemba, ndipo gulu lonse laona.

Kalipentala wa pa Mponela:
Ine ndikupempha m'bawa. Thabwa la m'bawa masiku ano kulipeza ndi ntchito, timachita kuitanitsa kutali, pamene agogo athu ankaudula kumtsinje konkuno. Ndikudziwa kuti ine sindidzaupala, ndi wa zaka 30 kupita mtsogolo. Koma amene anadzala mibawa ya m'misewu ya ku Blantyre ndi ku Zomba nawonso sanakhale pa mthunzi wake. Bwanji mbali yonse ya kumunsi ikhale ya mibawa yokhayokha?

Wophunzira ku Bunda:
Yokhayokha ayi bambo. M'bawa uli ndi mdani wake wakwathu konkuno, mbozi imene imaboola nsonga yanthete ngati mmene kapuchi amachitira ndi chimanga. Nsonga ikafa, mtengo umachita mphanda uli waufupi, ndiye thabwa lalitali simulipezanso. Mbozi imeneyi imasangalala mibawa ikakhala yokhayokha pa dzuwa. Mukaisakaniza ndi mitengo ina, motalikirana, pamthunzi pang'ono, imavutika kuipeza, ndipo m'bawa umathamangira kumwamba kufuna kuwala. Ndiye bulugama wodwala wa kumunsiyo musamugwetse yense nthawi imodzi. Mthunzi wake wochepawo ulere mibawa zaka ziwiri zitatu zoyamba.

Mbewu ya m'bawa sichedwa kufa. Zibalobalo zake zikangosweka, tolani njere nkufesa masabata omwewo, musasunge mpaka chaka chamawa.

Kalipentala wa pa Mponela:
Apo ndaphunzirapo. Nanga sendeleya? Amakula msanga ndipo thabwa lake limapalika bwino.

Malume, opuma ntchito ya zankhalango:
Sendeleya ndi m'bale wake wa m'bawa, mbozi yomweyo imamugwiranso. Komanso akakhazikika m'mbali mwa mtsinje amadzifesa yekha mpaka kupitikitsa eni malo. Ku Zomba aliyense amene wayenda m'mitsinje ya m'tauni wamuona. Alipo kale awiri ku chipatala, akwanira. Kumtsinje ikani katope, mkuyu ndi mwimbi pamodzi ndi mibawayo. Imeneyo ndi mitengo ya madzi, imagwira gombe. Bulugama asabwererenso kufupi ndi kasupe.

Mlimi wa njuchi:
Pepani ndalowa mochedwa, netiweki kuno ndi ya pa chulu. Ine ndili ndi ming'oma 6 m'mphepete mwa nkhalangoyo, ndiye ndimayendamo kawirikawiri kuposa a komiti. Pali chinthu chimene palibe watchula. Chiyambire bulugama wa kumtunda kuyoyoka masamba, pansi payamba kumera zinthu. Ndaona mphukira za naphini, chitimbe, mpoza, msolo, ndi timitengo ta mombo tofiira nsonga. Pafupi ndi mwala waukulu uja pali msuku wofika m'chiuno. Palibe anadzala zimenezi. Agogo anga ankanena kuti malo amenewa kale unali msitu wa mombo, ankazulako bowa wa ndelema ndi manyame. Mizu ija sinafe, yakhala pansi zaka zonsezi kudikira kuwala.

Ndiye ine maganizo anga, kumtundako tisakumbe dzenje ngakhale limodzi. Tingoteteza.

Malume, opuma ntchito ya zankhalango:
Mwanena mawu amene ndimafuna wina wa kumudzi anene, osati ine. Mbande ya mu chubu imayamba ndi muzu wautali ngati chala. Mphukira ya pa chitsa chakale ili ndi muzu wozama kuposa msinkhu wa munthu. Chilala cha mu Januwale chikabwera, ya mu chubu imafa, inayo siidziwa nkomwe. Ntchito yake ndi yopatulira: pa chitsa chilichonse musiye mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo dulani ndi chikwanje chakuthwa, modulira m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Zodulazo ndi nkhuni za amayi chaka chomwecho. Naphini akakula ndi mzati wabwino, chiswe chimamulemekeza.

Koma mdani wa njira imeneyi si kachilombo. Ndi moto ndi mbuzi.

Wa gulu la amayi:
Eya, nenani malume. Tikangokolola, mbuzi zonse zimamasulidwa. Ndipo anyamata osaka mbewa chaka chatha anatentha mpaka kumpanda wa sukulu.

Nduna ya amfumu:
Ndapereka moni kwa nonse m'dzina la amfumu. Uthenga uliwonse ndawawerengera madzulo ano ndipo amva. Pa za moto ndi mbuzi akuti malamulo a nkhalango ya m'mudzi alipo kale, tinalemba tokha pamaso pa alangizi a zankhalango, kungoti tinawagoneka. Adzaitanitsa msonkhano wa mudzi wonse kuti tiwadzutse, chindapusa cha mbuzi yolowa m'nkhalango chikambidwe poyera, eni mbuzi ali pomwepo. Njira yotchinga moto ilambulidwe mwezi uno usanathe, banja lililonse munthu mmodzi ndi khasu.

Wophunzira ku Bunda:
Zikomo a nduna. Ndili ndi pempho koma ndikuopa kulakwitsa mwambo, mundikhululukire ngati ndapyola. Malo okhawo m'dera lathu amene mitengo yachilengedwe ikuluikulu yatsala ndi kumanda. Kuli muwanga, msambamfumu, mlombwa, mkuyu. Ili pamtunda womwewo, dothi lomwelo, mvula yomweyo, ndipo tizilombo ta bulugama sitinaikhudze. Mbewu yoyenera dera lathu kuposa ina iliyonse ili kumeneko. Kodi pali njira yoti tipezeko njere?

Nduna ya amfumu:
Wafunsa mwaulemu mwana wathu, ndipo wachita bwino kufunsa osati kungopita. Kumanda sikulowedwa wamba, ukudziwa. Amfumu akuti njere zimene zagwera kunja kwa malire aliyense atole. Za m'kati, iwo akambirana ndi akuluakulu, ndipo ngati avomereza, adzukulu okumba manda ndi amene adzatole nkukapereka kwa komiti. Wina asatengerepo mwayi wolowa ndi nkhwangwa.

Mlembi wa komiti ya nkhalango:
Tathokoza a nduna, mutiperekere ulemu kwa amfumu.

Ndiulule chinthu chimodzi chimene chakhala chikundipweteka. Zaka zitatu zapitazo, pofuna kubwezeretsa mipata, ine ndi amene ndinakagula mbande za bulugama kwa munthu wina wogulitsa m'mbali mwa msewu. Zinali zotchipa. Ndikukumbuka bwino kuti zina zinali ndi timatuza tofiira pa mitsempha ya masamba, ndipo nditafunsa anandiuza kuti ndi mmene mtunduwo umakhalira. Lero ndikuwerenga zimene mwana wathu wa ku Bunda walemba, mtima ukundiuza kuti zotupazi ndinabwera nazo ndine pa njinga.

Wophunzira ku Bunda:
Mayi musadziweruze. Kamavu kameneka kamauluka ndipo kamatengedwa ndi mphepo, kafalikira maiko ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa. Kakanafika ndithu. Koma mwatiphunzitsa choyenera kuyang'ana: mbande iliyonse yobwera, tembenuzani tsamba, onani mtsempha ndi kaphesi kake. Yotupa isalowe.

Wa ku Mangalande:
Mayi mlembi, mwagwira ntchito imeneyi zaka zonsezi popanda malipiro. Palibe wa ife angakulozeni chala.

Wa ku Joni:
Zoona. Tsono mbewu ya kesha, gilisidiya ndi bulugama wa mandimuyo tikaipeza kuti yodalirika? Ife a kuno tasonkherana kale ya machubu.

Malume, opuma ntchito ya zankhalango:
Yambani ndi mlangizi wa zankhalango wa dera lathu, adzaone yekha ndi maso, atengeko masamba odwalawo. Iye ndi amene angatilumikize ndi a FRIM ku Zomba, bungwe la boma lofufuza za nkhalango, komwe kulinso nkhokwe ya mbewu za mitengo. Muwafunse mosabisa kuti ndi bulugama uti amene akupirira tizilombo timeneti m'dera lokwera ngati lathu. Kesha ndi mthethe mutha kutola konkuno, koma tolani pa mitengo yambiri yotalikirana, 20 kapena kuposa, osati kukolola mtengo umodzi wa pakhomo pa munthu chifukwa uli pafupi. Ana a mayi mmodzi amadwala nthenda imodzi.

Nsungwi nazo chimodzimodzi. Nsungwi zikachita maluwa zimafa, ndipo zochokera pa phata limodzi zimachita maluwa nthawi imodzi. Mukatenge mapata m'malo osiyanasiyana.

Njere zolimba khungu monga mthethe ndi msangu muzitheka pang'ono ndi chowengera zikhadabo, mbali yotalikana ndi kamaso kake, kuti madzi alowe. Gilisidiya safuna zimenezo. Kesha fesani msanga, mu Seputembala. Msangu musafulumire nawo, muzu wake umathamanga kwambiri, ukakhalitsa mu chubu umapindika ndipo mtengowo sudzakulanso bwino. Ufesedwe kutatsala masabata ochepa kuti mvula iyambe, ndipo malo ake ndi m'minda, osati m'nkhalango. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga chimakondwa pansi pake.

Boma limatsegulira nyengo yodzala mitengo pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma inu musadikire mwambo. Maenje akumbidwe mvula isanagwe, ndipo nthaka ikangonyowa bwino dzalani. Mtengo wodzala mu Malichi umakumana ndi chilimwe usanagwire.

Mlimi wa njuchi:
Malume, nanga masuku? Ana akusukulu angakondwe. Tingafese mu nazale?

Malume, opuma ntchito ya zankhalango:
Mungathe, koma njere zake zifesedwe zikangochoka m'kamwa, zikauma zafa. Dothi la m'machubu mukatape pansi pa msuku waukulu, chifukwa mizu yake imadalira nkhungu ina ya m'dothi lomwelo, popanda iyo mbande imangokhala yachikasu. Ndipo dziwani kuti msuku ulipo waumuna ndi waukazi, wobereka ndi waukazi yekha, ndiye mudzale yambiri. Masuku akupsa chakumapeto kwa chaka, choncho imeneyo ndi ya nazale ya chaka chamawa. Uja wa pa mwala muutchingire ndi minga lero lomwe.

Mlimi wa fodya:
Ine ndavomera kesha ndi nsungwi, chigafa chamoyo ndiyesa pakhomo panga chaka chino. Koma za kusiya kumtunda konse kuti kumere zokha, mtima wanga sunakhazikike. Ndi theka la nkhalango limenelo. Tikadzapeza kuti kwamera tchire lokhalokha, tidzakhala titataya zaka. Bwanji tigawe pakati, mbali ina tisiye, mbali ina tidzale, tidzaone ndi maso patatha zaka zitatu?

Mlimi wa njuchi:
Ine sindikukana, bola mbali ya ku mwala ikhale yosiyidwayo, ndi komwe mphukira zachuluka. Tikayendere limodzi mawa m'mawa, mukaone nokha naphini amene ndikunenayo. Wina wafika kale m'mapewa.

Wa gulu la amayi:
Nanga youma kale ija? Ikungoima chiswe chikudya, ife tikuphikira mapesi.

Malume, opuma ntchito ya zankhalango:
Youma igwetsedwe, igawidwe, itenthedwe m'mudzi momwemo. Nsonga ndi masamba a mphukira zotupa zija musazitaye kunazale kapena kuzinyamula kupita nazo midzi ina, ziwotcheni pamalo amodzi polambula bwino, m'mawa kusanachite mphepo. Siyaniko mitengo youma iwiri itatu kumtunda, agogomole ndi akadzidzi amaifuna, ndipo kadzidzi ndi amene amachepetsa mbewa zodula mbande.

Nduna ya amfumu:
Za akadzidzizo malume mudzazifotokoze nokha pa msonkhano, ena sadzazilandira bwino. Amfumu akuti msonkhano ndi Lamlungu likubwerali tikaweruka ku mapemphero, pa bwalo. Kugawa nkhuni zouma kuyambe ndi nkhalamba ndi mabanja amene akulera ana amasiye.

Mlembi wa komiti ya nkhalango:
Zikomo nonse. Mawa 6 koloko tikumane pa chulu chachikulu, a njuchi atitsogolere. Amene ali ndi nsanza zofiira abwere nazo zomangira bulugama wa mandimu uja. Alangizi ndawaimbira, akuti abwera Lachinayi ngati njinga yawo yamoto ipeze mafuta. A ku Joni, machubu musagule kaye mpaka titawerenga mabanja ofuna gilisidiya, mayi a gulu la amayi akuyenda khomo ndi khomo kuyambira mawa madzulo.

Wa gulu la amayi:
Ndayamba kale, mabanja 11 alembetsa usiku uno. Alamu a fodya, Lachiwiri ngolo ifike ndi migolo iwiri, dothi la m'machubu tikufuna kulinyowetsa tisanathire.